Ndani alipire misewu yodzadza? Msonkho wa pa zogula poyerekeza ndi njira zina

Pa 31 Julayi 2012 anthu a m'maboma ang'onoang'ono 10 a m'chigawo cha Atlanta, ku Georgia m'dziko la United States, anafunsidwa ngati angalole kuti pa dola iliyonse yomwe agulira katundu aziwonjezera senti imodzi kwa zaka 10, kuti ndalamazo zigwiritsidwe ntchito pa misewu, mabasi ndi sitima. Msonkhowu unkayembekezeka kusonkhetsa madola oposa 7 biliyoni, panali ndandanda ya ntchito 157 zomwe atsogoleri a m'chigawocho anali atagwirizana, ndipo bwanamkubwa Nathan Deal ndi mfumu ya mzinda Kasim Reed, ngakhale anali a zipani zosiyana, onse ankalimbikitsa anthu kuti avomere. Amalonda akuluakulu anathira ndalama zambiri pokopa ovota ndi lonjezo limodzi, loti mzinda womangika ndi magalimoto udzamasuka. Anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anakana.

Mkangano wa mtundu umenewu umabwera mobwerezabwereza m'mizinda ya ku America, chifukwa kumeneko maboma ang'onoang'ono amaloledwa, akapatsidwa mphamvu ndi malamulo, kuwonjezera kamsonkho kawo pa mtengo wa katundu wogulidwa m'masitolo. Chimene chimandivuta nthawi zonse ndi chakuti mafunso awiri osiyana amamangidwa mtolo umodzi. Loyamba ndi lakuti ndalama zomangira ndi kuyendetsera misewu, mabasi ndi sitima zichokere kuti. Lachiwiri ndi lakuti kuthithikana kwa magalimoto kuchepe bwanji. Msonkho wa pa zogula umayankha bwino ndithu funso loyamba, koma lachiwiri sulikhudza, ndipo amene amaugulitsa kwa ovota ngati mankhwala a kuthithikana amadzikumbira dzenje lomwe adzagweremo patapita zaka.

Msonkho wa pa zogula

Ubwino wake ndi woonekeratu. Senti imodzi kapena theka la senti pa dola ndi kandalama koti munthu sakamva pogula, koma kakachulukitsidwa ndi zogula za anthu mamiliyoni chaka chonse kamakhala chuma choti boma lingakongolerepo ndalama n'kuyamba kumanga lero. Alendo odzacheza ndi anthu ochokera kunja kwa chigawo nawonso amalipira akagula kanthu, ndipo njira yotolera ilipo kale, popeza masitolo amatolera kale msonkho wa boma. Los Angeles ndiyo yasonyeza kutalika kwa njira imeneyi. Ovota a kumeneko anavomera theka la senti mu 1980, theka lina mu 1990, lina mu 2008, ndi lina mu 2016, kotero kuti masenti awiri pa dola iliyonse amapita ku zamtengatenga. Ndi ndalama zimenezi mzinda womwe unkadziwika ndi magalimoto okhaokha wamanga njanji zingapo za sitima zoyenda m'tawuni. Ngakhale ku Atlanta komweko, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima la MARTA lakhala likudalira senti imodzi yomwe anthu a m'maboma a Fulton ndi DeKalb anavomera mu 1971.

Vuto loyamba ndi la chilungamo, ndipo sindikhulupirira kuti lingachepetsedwe ndi mawu okoma. Banja losauka limawononga pafupifupi ndalama zonse zomwe lapeza, pamene banja lolemera limasunga gawo lalikulu kapena kuliika m'zinthu zomwe msonkhowu sufikako. Choncho ngakhale onse amalipira senti yomweyo pa dola, wosaukayo ndiye amapereka gawo lalikulu la zomwe amapeza. Ku Georgia nkhaniyi inali yowawa kwambiri chifukwa zakudya zogula m'sitolo, zomwe sizilipiritsidwa msonkho wa boma la Georgia, zimalipiritsidwa misonkho ya maboma ang'onoang'ono, pamene lamulo la 2010 lomwe linakhazikitsa chisankhochi linapatula mafuta a galimoto, ndipo pa mtengo wa galimoto linangokhometsa madola 5,000 oyamba. Mayi wopanda galimoto akadalipira pogula mkaka wa ana ake, koma woyendetsa galimoto sakadalipira kanthu pothira mafuta oyendera misewu yomweyo. Munthu akhoza kukonda mabasi ndi sitima ndi mtima wonse, komabe n'kuona kuti dongosolo lotere lapendekeka.

Vuto lachiwiri ndi lakuti msonkhowu umatsika pa nthawi yomwe ukufunika kwambiri. Chuma chikagwa anthu amachepetsa kugula, ndipo ndalama zomwe zinawerengedwa kale m'mapulani sizibwera. Anthu a m'chigawo cha Denver anavomera mu 2004 kuwonjezera masenti 4 pa madola 10 alionse kuti amange njanji zatsopano pansi pa dongosolo la FasTracks. Mitengo ya zomangira inakwera, mavuto a zachuma a 2008 anadula msonkho, ndipo ngakhale njanji zambiri zinamangidwadi, kuphatikizapo ya ku bwalo la ndege yomwe inatsegulidwa mu 2016, sitima yomwe inalonjezedwa kwa anthu a ku Boulder ndi Longmont inathera ku Westminster. Anthu amenewo akhala akulipira kwa zaka zoposa 20. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo, ndipo wovota aliyense amene wapatsidwa mapu okongola a njanji zam'tsogolo ayenera kufunsa kuti ndalama zikadzaperewera, njanji yoyamba kusiyidwa idzakhala iti.

Pali kanthu kenanso komwe kamabadwa ndi chisankho chenichenicho. Kuti chigawo chonse chivomere, dera lililonse liyenera kupatsidwa kake, ndipo ndandanda ya ntchito imasanduka mgwirizano wa andale m'malo mokhala dongosolo la akatswiri. Ku Atlanta ndalama zinagawidwa pafupifupi pakati, 52 peresenti ku mabasi ndi sitima, yotsalayo ku misewu. Mapanga awiri avumbwitsa. Gulu landale lotsutsa misonkho la Tea Party linakana ponena kuti sitima zachulukitsa ndipo boma silodalirika, bungwe loteteza chilengedwe la Sierra Club linakana ponena kuti misewu yachulukitsa, ndipo atsogoleri ena a bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP anakana chifukwa anthu a kum'mwera kwa DeKalb, omwe analipira senti ya MARTA kwa zaka 40, sanapatsidwe sitima yomwe ankayembekeza. Kusakhulupirirana kunalinso ndi muzu wake: chipata cholipirapo pa msewu wa Georgia 400 chinayenera kuchotsedwa ngongole ikatha, koma mu 2010 boma linawonjezera nthawi yolipiritsa, ndipo anthu sanaiwale. Komabe si bwino kuganiza kuti ovota amangodana ndi msonkho. Mu 2016 anthu a mumzinda wa Atlanta wokha anavomera theka la senti la MARTA, ndipo anthu a ku Nashville, omwe anakana dongosolo lalikulu la sitima mu 2018, anavomera mu 2024 dongosolo lodzichepetsa la mabasi, tinjira ta oyenda pansi ndi maloboti a pamsewu. Dera likachepa ndipo lonjezo likakhala lapafupi, anthu amavomera, ngakhale kuti magalimoto sadziwa malire a boma, ndipo vuto lenileni limakhalabe la chigawo chonse.

Chifukwa chake kumanga kokha sikuthetsa kuthithikana

Apa ndi pomwe mkangano wonse umapendekera, choncho ndiyenera kuchedwapo. Msewu wodzadza umabisa maulendo ambiri omwe anthu akadakonda kuyenda koma amawapewa chifukwa cha kuchedwa. Wina amanyamuka m'bandakucha, wina amazungulira njira ina, wina amakwera basi, wina amangosiya ulendowo. Msewu ukakulitsidwa ndipo magalimoto akayamba kuthamanga, anthu onsewa amabwerera pa nthawi ndi njira yomwe ankaifuna poyamba, ndipo patapita zaka zochepa nyumba zatsopano zimamangidwa kutali chifukwa ulendo wafupika. Katswiri wa zachuma Anthony Downs anafotokoza zimenezi mu 1962, ndipo mu 2011 Gilles Duranton ndi Matthew Turner, atafufuza mizinda ya ku America pa zaka zambiri, anapeza kuti mtunda womwe magalimoto amayenda umakula pafupifupi mofanana ndi kukula kwa misewu ikuluikulu.

Msewu wa Katy Freeway ku Houston unakulitsidwa ndi ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni, ntchito inatha mu 2008, ndipo m'malo ena uli ndi mizere yoposa 20 tikaphatikiza ya m'mbali. Patapita zaka zochepa nthawi yoyenda m'mawa ndi madzulo inayambanso kukwera. Ku Los Angeles ndalama zoposa madola 1 biliyoni zinapita powonjezera mzere pa msewu wa 405 podutsa Sepulveda Pass, koma ntchito itatha mu 2014 oyenda madzulo sanaone kusintha komwe analonjezedwa.

Okonda sitima amakonda kutchula zitsanzo zimenezi, koma amadumpha gawo lina la kafukufuku wa Duranton ndi Turner uja, loti kuwonjezera mabasi ndi sitima nakonso sikuchepetsa magalimoto pamsewu kwa nthawi yaitali. Munthu akasiya galimoto n'kukwera sitima, malo omwe wasiya amadzazidwa ndi wina. Izi sizitanthauza kuti sitima n'zopanda ntchito. Phindu lake ndi lakuti anthu masauzande amafika kuntchito osaima pamzere wa magalimoto, ndipo mzinda umatha kukula popanda aliyense kukakamizidwa kugula galimoto. Limeneli ndi phindu lalikulu loyenera kulipiriridwa, koma ndi losiyana ndi lomwe limalembedwa pa zikwangwani zokopera ovota.

Msonkho wa mafuta ndi wa mtunda

Njira yakale kwambiri ndi yolipiritsa woyendetsa pothira mafuta, ndipo maziko ake ndi omveka: woyenda kwambiri alipire kwambiri. Kuitolera n'kosavuta chifukwa imadutsa m'manja mwa makampani ochepa. Koma msonkho wa boma lalikulu la America waima pa masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993, mphamvu yake yogulira yadyedwa ndi kukwera kwa mitengo, ndipo kuyambira 2008 thumba la misewu lakhala likuthandizidwa ndi ndalama zochokera ku misonkho ina. Magalimoto amakono amamwa mafuta ochepa, ndipo amagetsi samwa n'komwe. Boma la Georgia, litaona kuti chisankho cha 2012 chalephera ku Atlanta, linakweza msonkho wake wa mafuta mu 2015 kudzera m'nyumba ya malamulo popanda kufunsa ovota, ngakhale kuti malamulo aakulu a Georgia amati ndalama zimenezi zipite ku misewu ndi milatho basi, kutanthauza kuti wokwera basi sanapindule nazo mwachindunji.

Oregon inayamba mu 2015 kuyesa kulipiritsa pa mtunda woyendedwa kudzera m'dongosolo la OReGO, lomwe anthu amalowa mwa kufuna kwawo. Njirayi imatseka mpata wa magalimoto amagetsi, koma imadzutsa mantha oti boma lizidziwa komwe munthu wapita, ndipo kuitolera n'kodula. Pa nkhani ya kuthithikana, misonkho iwiriyi ndi yofooka mofanana, chifukwa woyenda usiku pa msewu wopanda kanthu amalipira chimodzimodzi ndi wolowa pakati pa mzinda m'mawa.

Kulipiritsa msewu pa nthawi yomwe wadzadza

Mwa njira zonse, iyi yokha ndiyo imalimbana ndi gwero la vuto, lomwe ndi lakuti malo osowa kwambiri mumzinda, msewu wa pakati pa tawuni m'mawa, amaperekedwa ulere, ndipo chinthu chosowa chikakhala chaulere anthu amachilipira ndi nthawi yawo poima pamzere. Singapore inayamba mu 1975 ndi ziphaso za pepala, ndipo mu 1998 inasamukira ku makina omwe amasintha mtengo malinga ndi malo ndi nthawi. London inatsatira mu Febuluwale 2003 pansi pa mfumu ya mzinda Ken Livingstone ndi mtengo wa mapaundi 5 pa tsiku, ndipo lamulo linati ndalama zotsala zipite ku zamtengatenga, makamaka mabasi. New York, patatha zaka zambiri za mikangano ndi milandu, inayamba pa 5 Januwale 2025 kulipiritsa madola 9 pa galimoto yaing'ono yolowa m'chigawo cha Manhattan chakumunsi kwa msewu wa 60th Street, cholinga chili chakuti bungwe la zamtengatenga la MTA likongolerepo madola 15 biliyoni okonzera sitima ndi mabasi.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha Stockholm, chifukwa cha mmene anachitira. Anayamba awonjezera mabasi, kenako anayesa kulipiritsa kuyambira Januwale mpaka Julayi 2006, anasiya, ndipo anafunsa anthu mu Seputembala. Chiyeso chisanayambe anthu ambiri ankatsutsa. Magalimoto odutsa malire a pakati pa mzinda atatsika ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo anthu ataona ndi maso awo mizere ikutha kenako ikubwereranso chiyeso chitatha, okhala mumzindawo anavomera, ndipo msonkhowo unakhazikika mu 2007. Kutsika kwa 20 peresenti kumaoneka kochepa, koma msewu wodzadza umafanana ndi khomo lomwe anthu akulimbirana: ochepa akachoka, onse otsala amadutsa msanga.

Njirayi ili ndi zofooka zake, ndipo sindikufuna kuzibisa. Anthu akafunsidwa asanaone zotsatira, kawirikawiri amakana, monga anachitira a ku Edinburgh mu 2005 ndi a ku Manchester mu 2008. Ku London kuthithikana kunabwerera pang'onopang'ono patapita zaka, mwa zina chifukwa mbali ya misewu inaperekedwa kwa mabasi, njinga ndi oyenda pansi, komanso magalimoto a hayala ndi onyamula katundu anachuluka. Wantchito wosauka amene alibe basi yofika kwawo ndipo sangasinthe nthawi yolowera ntchito amavutika nayo, n'chifukwa chake New York inaika kuchotsera kwa opeza zochepa. Ndalama zomwe imabweretsa n'zochepanso poyerekeza ndi senti ya pa zogula zonse za chigawo. Ndipo mzinda womwazikana ngati Atlanta, komwe ntchito zili m'malo ambiri osati pakati pokha, sungazingidwe ndi mpanda umodzi monga Manhattan kapena Stockholm, zomwe zili ndi madzi ndi milatho yothandiza kuika malire. Kumeneko njira yoyenera ndi kulipiritsa mizere ya misewu ikuluikulu ndi mtengo wosintha malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto, monga zinayambira pa msewu wa I-85 mu 2011. Mzere wolipirawo umayenda bwino ndipo basi yoyendamo imafika pa nthawi, koma mizere yaulere ya pambali imakhalabe yodzadza.

Ngakhale zili choncho, pa funso la chilungamo ndimaona kuti anthu amaweruza mopupuluma. Mtengo wa pamsewu umapweteka chifukwa umaoneka, pamene senti ya m'sitolo imadutsa mwakachetechete. Koma amene amalowa pakati pa mizinda ikuluikulu pa galimoto m'mawa kawirikawiri ndi opeza bwino kuposa okwera basi, ndipo basiyo ndi yomwe imayamba kuthamanga magalimoto akachepa. Msonkho wa pa zogula umatenga kwa aliyense, ngakhale wopanda galimoto, pamene mtengo wa pamsewu umatenga kwa amene akudzadza msewuwo.

Olemba ntchito ndi eni malo

Pali anthu ena omwe amapindula ndi sitima ngakhale sakwera. Kampani imapeza antchito ochokera kutali, ndipo mwini malo oyandikana ndi siteshoni yatsopano amaona mtengo wa malo ake ukukwera iye asanachite kanthu. Dziko la France linazindikira zimenezi mu 1971 pomwe linayamba kukhometsa olemba ntchito a m'chigawo cha Paris msonkho wowerengedwa pa malipiro a antchito, ndipo pambuyo pake unafalikira ku mizinda ina, komwe lero ndi mzati wa ndalama zoyendetsera mabasi ndi sitima. Bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima la TriMet ku Portland limadaliranso msonkho wotere, popeza Oregon ilibe msonkho wa pa zogula. Otsutsa amati umadulitsa kulemba anthu ntchito ndipo mbali ina imathera pa malipiro a antchito omwewo, ndipo mfundoyi ili ndi choonadi.

Kutenga gawo la phindu la eni malo ndiko kumandikhutiritsa kwambiri pa chilungamo. London inawonjezera kamsonkho pa nyumba zikuluzikulu zamalonda kuyambira 2010 kuti ithandize kulipira njanji ya Crossrail, yomwe inatsegulidwa mu 2022 ndi dzina la Elizabeth line, ndipo kampani ya sitima ya MTR ku Hong Kong imapeza ndalama zambiri pomanga nyumba ndi masitolo pamwamba pa masiteshoni ake. Koma njirayi imayenda pomwe malo ndi odula kale ndipo malamulo amalola kumanga nyumba zambiri pafupi ndi siteshoni. Ingathandize kumanga njanji imodzi, koma singalipire madalaivala a mabasi a chigawo chonse chaka ndi chaka.

Zofunsa musanaponye voti

Ndikadakhala wovota m'chigawo chomwe chikufunsidwa za msonkho wa pa zogula, sindikadaukana chabe chifukwa suthetsa kuthithikana, popeza m'madera ambiri a ku America ndiwo chida chokhacho chachikulu chomwe malamulo amapatsa maboma ang'onoang'ono, ndipo kuukana nthawi zambiri kumatanthauza zaka zina zopanda kanthu. Ndikadayamba ndi kufunsa ngati zakudya ndi mankhwala zapatulidwa. Ndikadafunsanso ngati mbali ya ndalamazo ikuloledwa kuyendetsa mabasi ndi sitima zomwe zilipo kale, chifukwa lamulo la Georgia la 2010 linaletsa zimenezi kwa MARTA, ndipo basi yobwera mphindi 10 zilizonse imasintha moyo wa wantchito msanga kuposa njanji yodzatsegulidwa patapita zaka 15. Ndikadafuna kudziwa amene adzayang'anire ndalamazo ndiponso ngati lamulo lake ndi lolimba, pokumbukira kuti anthu a ku Hillsborough County ku Florida anavomera senti imodzi mu 2018 ndipo anailipira, koma khoti lalikulu la Florida linathetsa msonkhowo mu 2021 ndalama zambiri zisanagwire ntchito.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti kodi dongosololo lili ndi mbali iliyonse yolipiritsa msewu pa nthawi yodzadza, kapena limangolonjeza mizere yatsopano yaulere. Ngati ndalama za m'sitolo zikumanga mabasi ndi sitima poyamba, kenako mtengo wa pamsewu n'kubwera anthu ali kale ndi njira ina yoyendera, monga inachitira Stockholm, ndikadavomera, ndipo ndikadalimbikitsa anzanga kutero. Ngati ndalama zambiri zikupita pokulitsa misewu ikuluikulu yomwe aliyense adzalowamo ulere, ndikadakana, chifukwa kumeneko ndi kupempha mayi wopanda galimoto kuti alipirire mzere womwe udzakhale utadzadzanso ngongole yake isanathe.